Nambala yanga yakale

Ndinaganiza zochoka ndili pamzere wa madzi pa mjigo wa kwathu ku Zengeza 3, kufupi ndi Harare, zidebe ziwiri m'manja, mapepala a ophunzira akundidikira kunyumba osachonga. Ndinkaphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite ina ku Harare, koma malipiro ankathera m'makombi, maminibasi a kuno, ndi m'mankhwala a shuga a amayi. Itapezeka ntchito pa yunivesite ina ku Joni, sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinangowauza amayi tsiku lonyamuka.

Kumeneko ntchito inali yabwino, koma moyo unali wozizira. Kuchoka m'kalasi, kulowa m'chipinda, kuphika kapoto ka munthu mmodzi, kudyera pa kompyuta. Ndinkasungulumwa, sindibisa. Ndalama ndinkawatumizira amayi mwezi ndi mwezi osaphonya, mawu ndiwo ankachepa. Munthu ukatopa umangolemba kuti, zafika? Akati zafika, basi nkhani yatha.

Yunivesite ija inali yosamala zedi. Chaka chilichonse ankatisonkhanitsa aphunzitsi tonse m'holo n'kutiphunzitsa kasungidwe ka zinthu. Zofufuza zanu ndi malikisi a ophunzira musasunge malo amodzi, ankatero. Zikhale pa kompyuta, zikhalenso pa kachipangizo kokiyira m'kabati, zikhalenso pa intaneti. Mawu achinsinsi akhale ataliatali, osaikamo dzina la mwana. Ine ndinkatsatira zonsezo monga mwana wokhala benchi la kutsogolo, ndipo ndinkawaseka mumtima mapulofesa olemba mawu achinsinsi pa kapepala n'kumata kunsi kwa tebulo. Kompyuta yanga itafa, sindinataye ngakhale tsamba limodzi.

Chimene sanatiuze m'holomo n'chakuti nambala ya foni nayo imasintha mwini. Layini yanga ya ku Zimbabwe ndinaisiya m'kabati osaikamo mayunitsi, kampani n'kuipereka kwa munthu wina. Abale ena ankatumizabe mauthenga kumeneko, a maliro, a ukwati, a kutchalitchi. Mwini watsopanoyo ankangowerenga, n'kumaphunzira mayina athu.

Ndinadziwa zonsezi mochedwa. Nthawi yokonzanso chilolezo chogwirira ntchito itakwana, mkulu wa ku ofesi yolemba antchito anandiitana n'kutseka chitseko. Anati kwapezeka mayi wina akuphunzitsa pa koleji ina m'tauni yakutali, dzina langa lomweli la Esinati, nambala ya chitupa yomweyi, masatifiketi omwewa. Mpaka zidziwike kuti Esinati weniweni ndi uti, ndiyambe ndaima ntchito. Ndipite kwathu ndikatenge mapepala enieni ndi kalata ya kupolisi. Anayankhula mwaulemu, koma maso ake ankandiyeza ngati nsalu yokayikitsa pa msika.

Chitupa chimenecho kwathu si chinthu chamasewera. Malemu abambo anga anabadwira pa famu, makolo awo ochokera ku Dedza, ndipo anakalambira m'mizere ya maofesi kuti ana awo tilembedwe ngati anthu a dziko lino. Tsono dzina lovutikira chonchi kuti wina alitole ngati malaya oyanikidwa pa waya, zinandipweteka kuposa ntchitoyo.

Pobwerera kwathu ndinatsika kombi pa siteji ya Huruyadzo dzuwa lili pamutu, miyendo itatupa ndi ulendo wa basi. Panali posasintha: fungo la nsomba zouma, mahwindi, anyamata oitanira makombi aja, akukanganirana anthu, madzi oipa akuyenda m'mbali mwa msewu. Ndinkayembekeza kuti mtima udumpha, koma ndinangomva kutopa. Ndinapeza amayi akuchapa pakhonde. Titalonjerana anatulutsa mapepala anga pansi pa matiresi, okulungidwa m'pulasitiki, opanda banga.

"Ndiwo ndinakujambulira aja," anatero monyadira. "Ndekha, palibe anandithandiza."

Anandipatsa foni yawo. Uthenga woyamba, wochokera pa nambala yanga yakale ija, unkati ndatsegulanso layini yakale, tizilemberana pamenepa chifukwa n'potchipa. Kenako m'mawa uliwonse, mwadzuka bwanji, shuga ali bwanji, mwamwa mankhwala? Patapita miyezi ndiye pempho lija: ku ntchito akufuna zithunzi za chitupa, chikalata chobadwira ndi masatifiketi onse. Zithunzi zinalipo, zina zopendama, chala cha amayi chikuoneka m'mphepete.

Ndinakhala pa sitepe. Ndinkafuna wokalipira, koma panalibe. Kupolisi ndinapita, kalata anandipatsa, mapepala ndinatumiza ku Joni. Yankho lawo ndikulidikirabe, ndipo m'mawa ndimapezeka pamzere wa mjigo pamodzi ndi aliyense. Koma funso limodzi linkandidya, mpaka tsiku lina tikusadzula masamba a nkhwani ndinalitulutsa.

"Amayi, inu simunakayike ngakhale pang'ono?"

"Ndinakayika, mwanangu. Iwe kundilembera tsiku ndi tsiku? Ndinati apa pali nyaya, pali nkhani ndithu. Ndiye ndinamuyesa."

"Munamuyesa bwanji?"

"Ndinamutumizira mawu a pakamwa. Ndinayankhula chinenero chathu chenicheni, cha agogo ako, osasakaniza Chishona. Ndinayankhula nthawi yaitali, za abambo ako, za mwendo wangawu, zonse. Ndinati ngati ndi tsotsi wa kuno, sadzamva kanthu."

"Ndiye anayankha kuti chiyani?"

"Analemba m'Chishona kuti, hongu mhamha, ndazvinzwa." Anapukuta manja pa chitenje. "Eya amayi, ndamva, basi. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati ameneyu ndi Esinati wanga, amayankha choncho chiyambire."

Sananene mondidzudzula, anali akutola kale masamba ena m'lichero. M'nyumba zambiri za mumsewu wathu ndi mmene zilili: akuluakulu amayankhula, ana amavomera m'chinenero china, ndipo aliyense amayesa kuti amvana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe, koma mawu amene anafika msanga anali a Chishona, ndiye ndinangopitiriza kusadzula nkhwani.