Tsiku Limene Dibor Anagona Pangolo

Dibor Ngom ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga a Ngor, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti sindinayambe ndi kumukonda. Nditakwatiwa pakhomo pawo ku Mbelakhane ndinapeza kamtsikana kodzimva, kamene posinja mchewere kankaponya munsi m'mwamba, kuwomba m'manja, kenako n'kuuwakha ngati palibe chachitika. Ine ndinayesa kamodzi, munsi n'kundigwera paphazi, ndipo chaka chonse ankandifunsa pagulu kuti, "Mlamu Khemesse, phazi lija linapsa kapena tisinjenso?" Koma kukongola kokha anali nako, zimenezo sindingakane. Ngakhale popita kuchitsime ankayamba wamanga duku mpaka likhale mmene akufunira.

Anakwatiwa ndi Latyr Faye wa m'mudzi wa kutsidya kwa dambo la mchere, mnyamata wa ngolo ya hatchi. Mvula ikatha Latyr ankapita ndi hatchi yake ku Dakar kukanyamula simenti ndi mchenga wa omanga nyumba, n'kubwerako mitambo ikayamba kuda. Ankakondana awiriwa, mpaka zinkatinyansa ife ena. Dibor sankafuna zambiri. Sankalira za golide kapena nyumba yamalata. Ankangofuna mwana kumsana, wakewake, woti azimudandaula kuti akulemera.

Matenda ake ankabwera chonchi: thupi moto, mutu ngati ukung'ambika pakati, kunjenjemera mpaka bedi kumalira. Pakapita masiku owerengeka, zii. Amadzuka, amasinja, amatukwana mbuzi. Tisanamalize n'komwe kuthokoza Mulungu, matenda aja abweranso. Mimba yoyamba inachoka mkati mwa kutentha kotere, yachiwiri chimodzimodzi. Itachoka yachitatu, apongozi ake anayamba kuyankhula okha posesa pabwalo, moti azakhali a Selbé, amene analera Dibor ndi a Ngor mayi awo atamwalira, anapita kukamutenga kuti adzayambe wapuma kwathu.

Kachipatala kathu ka m'mudzi kali ndi munthu mmodzi, a Ly. Iwo ndi Mtukulor wa kumpoto, ndipo ife Aserer ndi Atukulor timachita chisuweni kuyambira kalekale, moti sitipatsana moni popanda chipongwe.

"Mwabwera, akapolo anga?" anatero tsiku limene ndinapita ndi Dibor. "Mwandibweretsera mkaka kapena matenda?"

"Kapolo ndinu, a Ly. Boma linakutayani kuno kuti muzititumikira ife. Tamuyezani mwanayu, akupsa."

Anamubaya pachala n'kudonthetsa magazi pa kachipangizo kapulasitiki koyezera malungo. Tizipangizo timeneto boma linali litangotibweretsa kumene pamodzi ndi mankhwala ake, ndipo tinathandiza, sindinama, ana ambiri a m'mudzi muno ali moyo chifukwa cha ito. Koma kwa Dibor kankangoonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti malungo mulibe. Ulendo uliwonse mzere umodzi, munthu akuchita kuwira ngati ketulo.

Tsiku limenelo a Ly anasiya nthabwala, n'kundiitana ndi dzina la kwa makolo anga. "Mayi Tine, m'nyumba mwanu muli mauna a makoswe?"

"Nyumba ya ndani ilibe? Ife timasunga mchewere, si ngati inu odyera m'sitolo."

"M'maunamo mumakhala tinkhupakupa tating'ono, osati zija za ng'ombe. Munthu akagona timatuluka, kumuluma pang'ono n'kubwerera. Matenda ake ndi amenewa, amapita n'kumabweranso. Kachipangizo kanga aka sikawaona. Amaoneka ndi makina a kuchipatala chachikulu kutauni."

"Nanga bwanji osangomupatsa mankhwalawo, poti mukudziwa?"

"Kuno sanditumizira. Lamulo limati ayambe aona tizilomboto m'magazi. Ndiponso munthu akamwa koyamba thupi limagwedezeka kwambiri, makamaka woyembekezera, amafunika pamalo poti amuyang'anire." Anandiloza ndi cholembera. "Koma mumve bwino, inu anthu osamva. Mupite naye thupi likadali moto. Likangozizira, tizilomboto sitioneka."

Tinamva ndithu. Koma tinapita mmene timapitira kwathu kuno. Ku Mbelakhane munthu wamoyo sagona pangolo. Udwale chotani, umakhala tsonga, wina akugwirire kumbuyo. Wogona pangolo ndi amene akupita kumanda. Komanso msewu wa kutauni umadutsa pakati penipeni pa mudzi wa Latyr, pakhomo pa apongozi ake, ndipo Dibor akanalola kufa kusiyana n'kuti amuone tsitsi lili nyankhalala, milomo yosweka. Choncho ankadikira mpaka athe kuima yekha. Ankasamba, ine n'kumuluka tsitsi, kuvala chovala chake chabuluu cha pazikondwerero, kenako n'kukwera ngolo ya bulu ya a Ngor, msana uli nji.

Kawiri konse tinapita chotero. Kawiri konse magazi anapezeka oyera. Bambo woyeza magazi anamuyang'ana kuyambira kuduku mpaka kunsapato n'kuseka. "Amayi, inu muli bwino kuposa ine." Wina wa pachipatalapo anati mwina ndi maganizo chabe, azipuma.

A Ly atamva anagwira mutu. "Ine ndinati mupititse wodwala, inu mwapititsa mkwatibwi! Mulungu anandilakwira chiyani kundipatsa akapolo otere?"

Ndinawayankha, koma mawu anga analibe mphamvu tsiku limenelo.

Tinayesa kutseka mauna ndi dothi losakaniza magalasi osweka, makoswe n'kukumba pena. Latyr analonjeza kuti adzaika simenti pansi, m'chipinda cha kwawo ndi cha kwathu chomwe. Zinkandipweteka mtima kuganiza kuti mnyamata amene amatha chilimwe chonse akunyamula simenti ya nyumba za eni, mkazi wake ankagona pamchenga wa makoswe. Anabweretsa matumba angapo, anakwana theka la chipinda chimodzi.

Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili ndi mwana wanga wotsiriza kumabere. Dibor ankamulanda m'mawa n'kumubweza pokhapokha akafuna kuyamwa. Ndinkamupeza kuseri kwa nkhokwe ataika mphuno pamutu pa mwanayo, maso atatseka. Tsiku lina anandifunsa, "Mlamu, n'chifukwa chiyani akagona amalemera kwambiri?" Ndinati sindikudziwa, n'kuthawira kukhitchini. Ine mwana ndinkamuona ngati ntchito, mnzanga akuchita kumununkhiza ngati chakudya choti sadzalawa.

Latyr anabwera ndi mvula, Dibor n'kubwerera kwa mwamuna wake. Atakolola mtedza, Latyr anabwerera ku Dakar ndipo Dibor anabweranso kwathu. Sananene kanthu, zoterezi sitinena, koma ndinaona kuti fungo la nsomba zouma likumuthamangitsa pabwalo. Miyezi inapita, thupi osatentha. Mimba inadutsa pamene zinzake zinkathera. Madzulo ena tikupeta mchewere anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pake, ndipo ndinamva kanthu kakugunda m'kati.

"Wamwano ngati iwe," ndinatero.

"Ayi, waphazi lopunduka ngati azakhali ake," anatero, n'kuseka mpaka misozi. Latyr akaimba foni sankafunsanso za mkazi wake, ankangoti, "Mlendo ali bwanji?"

Kenako m'mawa wina, nyengo yotentha ili pachimake, ndinamva bedi likulira.

Ndinauza a Ngor kuti amange bulu. Azakhali a Selbé anaima pakhomo la chipinda, ndodo ili m'manja.

"Mukupita naye kuti chonchi? Sangathe n'komwe kudzutsa mutu."

"Agona, azakhali."

"Agona! Iwe mwana wa kwa Tine, kwanu amachita zimenezo? Ukufuna kumuitanira imfa mwana wa mchimwene wanga? Dikirani mawa kapena mkuja azizire kaye, asambe, apite ngati munthu."

"Tapita ngati anthu kawiri, azakhali, tabwerako ndi chiyani?"

Ndinayankhula zambiri zoti mtengwa sayenera kuyankhula kwa munthu wamkulu, ndipo a Ngor anangoyang'ana makutu a bulu ngati akuwaona koyamba. Amene anathetsa mkangano anali Dibor mwiniwake. Mawu ake anali aang'ono, mano akugundana.

"Mlamu, yalani mphasa pangolopo. Duku lisiyeni."

Tinamunyamula ine ndi a Ngor, n'kumufunditsa nsalu kuti dzuwa lisamuwotche. Kulakwa kwina kunali kumeneko, koma ndani akanaganiza? Tisanafike n'komwe pa mtengo wa mlambe wa pakati pa mudzi, mayi wina amene ankachokera kuchitsime anaona ngolo, munthu wogona, nsalu, a Ngor atazyolika. Anaponya ndowa pansi n'kuyamba kulira maliro. Ena anatuluka m'mipanda, manja kumutu, akutchula dzina la Dibor. Kulira kunatitsogolera, moti pofika m'mudzi wa Latyr tinapeza azimayi atadzaza kale msewu. Apongozi ake, omwe aja oyankhula posesa, anavula duku n'kudzigwetsa mumchenga.

Ndinaimirira pangolo. "Ali moyo! Mwapenga kodi? Munthu akupuma uyu! Chokani pamsewu, afiti inu, tikupita kuchipatala!"

Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Nditasuzumira pansi pa nsalu ndinapeza Dibor ali maso. Misozi inkatsikira m'makutu mwake.

Tinafika thupi likadali moto. Bambo yemwe uja anatenga magazi, ndipo sipanatenge nthawi, anatuluka osaseka. Anandiitana kuti ndisuzumire m'makina mwake. Ndinaona tinthu tonga tiulusi topotana, tikuvinavina pakati pa magazi a mlamu wanga. Ndinapsa mtima. Zaka zonsezi, ana onse aja, chifukwa cha kanthu koti sungakaphe n'komwe ndi chikhadabo!

Anamupatsa mankhwala ndipo anamwino sanamuchoke. Koma kutentha kuja kunali kutachita kale zake. Mawa lake matenda a kubereka anayamba, nthawi isanakwane n'komwe. Anali mwana wamwamuna, wokwanira m'manja mwanga muwiri, zala zonse zilipo. Anapuma pang'ono chabe, n'kutisiya. Latyr anafika pabasi tsiku lotsatira, fumbi la simenti likadali m'tsitsi, n'kuima pakhomo la wodi chipewa chili m'manja. Anafuna kufunsa, koma ataona maso anga anangokhala pansi pakhonde.

Dibor anachira. Kutentha sikunabwerenso chaka chimenecho, ngakhale adokotala anatichenjeza kuti malinga makoswe alipo, tinkhupakupa tikhoza kumulumanso. A Ly mpaka lero ali ndi tizipangizo tawo ta malungo tokha. Amati nkhaniyi amaikamba kumisonkhano ya akuluakulu, ndipo amawayankha kuti ikuganiziridwa. Titabwerako sanatitche akapolo. Anangogwira dzanja la Dibor ndi manja awiri, n'kulowa m'kachipinda kawo.

Patapita masiku ochepa, azimayi a midzi iwiri ija anabwera pakhomo, atasenza mchewere ndi zikho za mkaka. Anadzapepesa, chifukwa kulira munthu wamoyo n'chinthu chochititsa manyazi. Anakhala pamphasa maso ali pansi, apongozi ake patsogolo, azakhali a Selbé pambali. Mmodzi anayamba, "Mwana wathu, tinachimwa. Maso anatinamiza."

"Musapepese, amayi," anatero Dibor. Anali atakhala pampando pakhomo la chipinda chake, wowonda, khosi lili lalitali. "Ine ndinamva bwino."

Tonse tinamuyang'ana.

"Ana anga atatu aja munakawaika kuseri mwakachetechete. Munandiuza kuti wopita padera sitimulira, ndipo ndinamvera, sindinatsegule pakamwa. Tsiku lija ndili pangolo, nditamva kulira kwa pachitsime, ndinati mumtima, uku n'kwa woyamba uja. Kwa pamlambe, ndinati n'kwa wachiwiri. Kwa inu amayi, mutagwa mumchenga, ndinapatsa wachitatu." Anatembenukira kwa ine. "Watsala wamwamunayu. Iyeyu anapumako, mlamu anamuona."

"Anapuma," ndinatero.

Azakhali a Selbé anatsegula pakamwa kuti anene za mwambo, koma anangozyolika. Nkhuku zinkatola mchewere umene unatayika m'dengu. Kenako apongozi ake anakweza manja, n'kumasula duku pang'onopang'ono, kuliika pamiyendo, n'kuyamba kulira maliro. Ine amene ndinawatukwana pamsewu ndinali wachiwiri.

Dibor sanalire. Anakhala tsonga, manja ali pamaondo, akumvetsera mpaka tinamaliza.