Wamkulu Sumuyankha ndi Nkhongo

Upolisi ndinaupeza pakhomo la tchalitchi ku Peckham. Nthawi imeneyo ndinali mlonda pa sitolo ya zodzoladzola, kuima tsiku lonse kuyang'anira azimayi osankha mawigi. Lamlungu lina titaweruka, a Lungu, mkulu wa mpingo wochokera ku Chipata, anandionetsa pafoni kuti apolisi akulemba anthu. "Iwe, thupi yonse iyi uzankala chabe ulonda mawigi? Ka-applye," anatero. Ndinamvera, ndipo anandilemba.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinayenda m'mafulati a Thamesmead ndi ndodo, unyolo ndi wailesi. Kuno kwa azungu munthu wamba saloledwa kuyenda ndi mfuti ya m'manja, ndipo ngakhale wapolisi wamba sainyamula. Onyamula ndi ochepa, aliyense ali ndi kakhadi kosonyeza kuti anakhoza mayeso owombera. Ife timangoti tikiti. Ineyo tikitiyo ndinkaifuna zedi. Ndinatopa kufika woyamba pamalo oopsa, kenako n'kuuzidwa pa wailesi kuti ndiime patali ndidikire anyamata a mfuti. Ndinapempha kosi ya mfuti katatu. Kachitatu anandilola, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, maondo atayamba kale kudandaula, ndipo ndinkadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso. Mkazi wanga, yemwe ndi namwino, anasinthana mashifiti ndi anzake milungu yonse ya kosi kuti pakhomo pasasowe munthu.

Mphunzitsi wathu anali sajeni wa imvi, mzungu wamfupi wa mawu a m'mgolo. Dzina langa la Mbewe linkamukanika. Ankati "Emu-byu", anzanga onse n'kutengera. Sindinkadandaula. Linali ngati dzina la munthu wina, moti akandiitana nalo ndili pamzere wowombera ndinkangokweza dzanja lamanzere, maso kutsogolo, monga mwa lamulo.

Anatiphunzitsa kusolola mfuti mu holisita ya pa lamba, kulowetsa magazini ya zipolopolo, kukoka chitsulo cha pamwamba kuti chipolopolo chikhale m'malo, ndi kugwira ndi manja awiri. Chala sichikhudza tiriga mpaka utatsimikiza kuwombera. Mfuti ikatsamwa umamenya magazini pansi pake, kukoka chitsulocho, n'kupitiriza. Koma lamulo la malamulo onse linali lakuti mlomo wa mfuti uziloza kutsogolo nthawi zonse. "Ukaphonya ndikuphunzitsanso," ankatero sajeni. "Ukaloza munthu, ukakwera basi tsiku lomwelo."

Ine ndinali ndi lamulo lina lakale kuposa limenelo. Bambo anga anali mphunzitsi wamkulu ku Dedza. Akakuitana umasiya chilichonse, kutembenuka thupi lonse, n'kuti "Wawa". Tsiku lina ndinawayankha ndikupukuta njinga, nditawapatsa msana. Khofi limene ndinalandira, khutu linalira mpaka mawa lake. "Wamkulu sumuyankha ndi nkhongo," anatero, ndipo sanafunikenso kubwereza.

Tsiku la mayeso tinaima asanu ndi mmodzi pamzere, titavala magalasi ndi zotseka m'makutu zomwe zimachepetsa kulira kwa mfuti koma mawu a munthu n'kumamveka. Chandamale chimakutembenukira kwa masekondi ochepa n'kubisalanso. Tinayamba pa mamita asanu, kenako khumi, kenako makumi awiri. Choimirira, chogwada, ndi dzanja limodzi. Dzanja langa linali lokhazikika tsiku limenelo, ndipo ndinkamva ndekha kuti zikulowa. Zitatsala zipolopolo ziwiri, mfuti inatsamwa. Ndinamenya, ndinakoka, koma pomwe ndinkakweza manja chandamale chinali chitabisala kale. Ndinaima chilili, chala kunja kwa tiriga.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a munthu wamkulu. "Mbewe."

Osati Emu-byu. Mbewe weniweni, monga amatchulira ku Dedza. Thupi linatembenuka mutu usanaganize, ndipo "Wawa" anatuluka yekha pakamwa. Mlomo wa mfuti unadutsa pa maondo a Danny, mnyamata amene anaima kumanja kwanga.

"Stop! Stop! Stop!"

Sajeni anagwira mkono wanga n'kuubwezera kutsogolo, anandilanda mfuti, anachotsa magazini, n'kukoka chitsulo. Chipolopolo chinagwa pansi n'kugubuduka mpaka pa nsapato ya Danny.

Mu ofesi sajeni anandiuza zimene ankandiitanira. Anaona kuti vuto linali la chipolopolo, osati langa, ndiye ankafuna kundiuza kuti ziwiri zija ndiwomberanso. Kenako anayala pepala la chandamale changa patebulo. Mabowo onse ndikanawaphimba ndi chikhatho chimodzi. Ndinamufunsa kuti dzina langa analiphunzira liti. Anayang'ana pansi. Anati namwino amene amasamalira mayi ake kunyumba ya okalamba ndi Mmalawi, ndiye anamupempha kuti amuphunzitse. Sabata yonse ankaliyeserera m'galimoto, kuti tsiku londipatsa tikiti alitchule bwino. "Linanditulukira msanga," anatero. Atatero anasaina pepala londichotsa pa kosi, chifukwa lamulo ndi lamulo, ndipo ndikanakhala ine pampando wake ndikanasainanso.

Bola akanakhala munthu woipa. Ndikanapeza womutukwana m'basi muja, ndipo anzanga a kutchalitchi akanandithandiza kutukwana. Koma ukwiyira ndani? Mzungu amene anafuna kukulemekeza, kapena bambo ako amene anagona kalekale ku Dedza? Ndinawakwiyira onse awiri, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathe mpaka lero. Mkazi wanga anamvetsera nkhani yonse yunifolomu yake ya unamwino ili m'thupi. "Ndiye mwafeila chifukwa cha ulemu?" anafunsa. Ndinati eya. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe, n'kupita kukabweza mashifiti a eni ake.

Ndikadali ku Thamesmead ndi ndodo yanga. Zikavuta ndimaima patali n'kudikira anyamata a mfuti, ndipo nthawi zina wotsika m'galimoto amakhala Danny. Amandipatsa moni bwinobwino. Chimene ndinatolapo n'chakuti zomwe unaphunzira ndi khofi sizichoka ndi kosi ya milungu ingapo. Zimangokhala chete kudikira tsiku limene zingakuwonongere zambiri.

Loweruka lapitali mwana wathu wamkazi, Chisomo, ankadula anyezi kukhitchini. Ndinamuitana ndili pakhomo. "Yeah, Dad?" anayankha, osatembenuka n'komwe. Mayi ake anadzuka pampando. "Iwe Chisomo! Bambo ako ukuwayankha ndi nkhongo?"

"Msiyeni, mayi a Chisomo," ndinatero. "Ali ndi mpeni m'manja."