Magetsi Ophethira pa Kiyibodi ya Lute

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, omwe ankawotcherera zitsulo kumafakitale a ku Heavy Industrial Area. Iwo ndiwo anaika zitseko ndi mashelefu m'kontena ina pamsika wa Mtendere. Mwini kontenayo, a Mulenga, atadandaula kuti akusowa munthu wodziwa makompyuta, amalume sanachedwe kunditchula. "Nili na mwana wa mulongo wanga ku Matero," anatero. "Anasiliza kosi, manje ankala chabe pa nyumba." Sabata yotsatira ndinayamba kukwera minibasi kuchoka ku Matero kupita m'tauni, kenako ina ya ku Mtendere, nditavala siketi yanga ya kutchalitchi ngati ndikupita ku ofesi yeniyeni.

Tinkagulitsa malaputopu akale ochokera kunja, omwe anthu amangowatcha a salaula. Ntchito yanga inali kuwatsegula, kuwapopa fumbi, kutsuka fani ndi mswachi wakale, kupukuta mabatani ndi kansalu konyowetsa sipiriti, kenako kufufuta zonse za mwini wakale n'kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, kuchokera pa fulashi. Tinkaika Linux chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda bwino ngakhale pa makina otopa. Zida zanga zinali timasikuludiraiva tating'ono, kanyole kogwirira timawaya, ndi khadi lakale la kubanki lotsegulira chikuto popanda kuchikanda. Ntchitoyo ndinkaikonda, sindinama.

Chimene sindinkakonda linali lamulo la a Mulenga. Makina aliwonse obwera kudzakonzedwa ankayenera kugona pashopu, ngakhale vuto litakhala kasikuluwu kolefuka. "Ukakonza pamenso pa kasitomala, azaganiza ati ni vopepuka," ankatero. "Mashini ifunika igone." Kuseri kwa katani kunali shelefu yomwe ankaitcha wodi. Ndinkaseka ndekha kuti ichi ndicho chipatala chokha chomwe munthu wobwera ndi chimfine amagonekedwa sabata yathunthu. Koma pakamwa ndinkatseka, poti ntchito ndinkaifuna.

Lachisanu lina masana, a Mulenga atapita m'tauni kukatenga katundu, kunabwera mayi wina atakulunga laputopu m'chitenje. Ndinawazindikira. Anali Amai Banda, ogulitsa zitumbuwa ku Kalingalinga, ndipo laputopuyo anaigula kwa ife masiku ochepa m'mbuyomo. Inali ya amasewera a pakompyuta, ija yokhala ndi magetsi pansi pa mabatani. Ukangoiyatsa, kiyibodi yonse inkayamba kuphethira, kufiira, kubiriwira, kuthima, kuyakanso. A Mulenga anawagulitsa ndi magetsi omwewo, ati iyi ndiye ya ophunzira enieni.

"Mwana wanga, nithandizeni," anatero Amai Banda, asanakhale n'komwe pansi. "Lute wanga ali na matenda yakugwa. Aya malaiti yakayamba kuvina, agwa. Dzulo anaziluma lilime."

Lute anali mwana wawo wamkazi. Ankaphunzira kosi yosunga mabuku a bizinesi ali kunyumba, ndipo m'mawa mwake, Loweruka, anali ndi mayeso omaliza oti alembe pa intaneti. Akawaphonya anayenera kudikira chaka china. Anayesa kuphimba kiyibodi ndi chitenje n'kumalemba mopapasa, koma kuwalako kunkatulukirabe m'mbali, zolakwika n'kuchuluka. Mayiwo ankalankhula maso ali pa ine, ngati ndine dokotala.

Lamulo ndinkalidziwa bwino. Ndinayang'ana katani ija, ndinayang'ana mayiwo, ndipo ndinati lero lokha wodi idikire.

Ndinayamba ndi njira yachidule, kudina batani la Fn pamodzi ndi lija lokhala ndi chithunzi cha kadzuwa. Palibe chinachitika. Makina amenewa anawapanga kuti magetsiwo aziyendetsedwa ndi pulogalamu ya opanga ake, yomwe pa Linux kulibe. Ndinalowa m'makonzedwe a mphamvu ndi kuwala, ndipo munali za sikirini zokha. Ndiye ndinatsegula teminolo, kawindo kakuda kolembamo malamulo, n'kulemba ls /sys/class/leds kuti ndione nyali zonse zomwe makinawo amazidziwa. Pamndandandapo panali dzina lothera ndi kbd_backlight. Mkati mwake muli kafayilo kotchedwa brightness, kosunga nambala ya kuwala. Ndinalemba echo 0, n'kutumiza ziroyo m'kafayiloko kudzera pa lamulo la sudo tee, ndinaika pasiwedi, n'kudina Enter.

Kiyibodi inathima. Amai Banda anawomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ili m'maso. "Mulungu akudalitseni," anatero.

Ine ndinkadziwa kuti ntchito ili theka. Makina amtunduwu ndinali nditawaonapo. Ukawathimitsa n'kuwayatsanso amaiwala ziro uja, magetsi n'kubwerera momwe analili. Panafunika kulemba kafayilo kena kouza Linux kuti izibwereza lamulolo nthawi iliyonse ikamayaka. Ndinawauza mayiwo kuti adikire pang'ono. Ndinali nditangolemba mzere woyamba pamene a Mulenga analowa, katoni ili paphewa.

Anaona kiyibodi yothima, anaona kasitomala akumwetulira, anaonanso zomwe zinali pasikirini. Munthu uja sanali mbuli, anadziwa bwinobwino pomwe ndinafika. Anatula katoni, anatseka laputopu zala zanga zikanali pamabatani, n'kuikulunga okha m'chitenje.

"Yasila, amai. Yendani bwino."

"Ba bosi, sininasilize," ndinatero. "Ikazima izayakanso."

"Nkala zii, iwe." Atatero anatembenukira kwa mayiwo n'kuseka mano onse. "Osamumvela uyu, ni mupya pa nchito. Mashini ili chabe bwino."

Amai Banda anaima pakhomo osadziwa womvera. Bwana ndi bwana, ndipo ine ndinali kamtsikana kovala siketi ya kutchalitchi. Ndinangokwanitsa kufuula kuti, "Amai, musaizime! Isiyeni ili yoyaka mpaka mailo, Lute asilize mayeso!" Anagwedeza mutu n'kulowa m'khamu la pamsika.

A Mulenga sanandikalipire nthawi yaitali. Anati ngati ndikufuna kugwira ntchito ya chifundo ndipite kutchalitchi, kwawo ndi pashopu. Anandiuza kuti ndisiye makiyi patebulo ndipo ndisadzabwerenso. Ndinatuluka ndikudandaula, osati za ntchito yotha, koma za batire ya laputopu ija. Ndinali nditaiyeza ndekha tisanaigulitse. Inali yotha, ndipo magetsi a m'nyumba masiku amenewo ankathima tsiku ndi tsiku.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Kalingalinga. Nambala yawo ndinalibe, nyumba sindinkaidziwa. Ndinkangofunsa aliyense wokazinga zitumbuwa ngati akudziwa Amai Banda, amayi ake a Lute. Wina anandilozera kwa Amai Banda ena, ogulitsa makala. Wina anandifunsa ngati ndine wa kukhonsolo. Wachitatu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti sadziwa munthu. Dzuwa litapendeka ndinakwera minibasi yobwerera, ndikudzinamiza kuti mwina kwawoko magetsi sathima.

Zotsatira ndinazimva patapita masiku, nditapita kukatenga juzi yomwe ndinaiwala. A Mwape, telala wa kontena yoyandikana nayo, anandikokera kumbali n'kundifotokozera. Usiku uja kwa Amai Banda magetsi a m'nyumba anathima, batire inatha, makina anazima okha. M'mawa magetsi atabwera Lute anayatsa laputopu kuti alowe m'mayeso, kiyibodi n'kuyamba kuvina pamaso pake. Anagwa asanayankhe funso ngakhale limodzi, ndipo anamenyetsa mutu pamwendo wa tebulo.

Amai Banda anabwera pashopu tsiku lomwelo akulira. A Mwape anamva zonse kudzera pakhoma lachitsulo. "Mwaona, amai?" anatero a Mulenga. "Uja mutsikana sanali kuziba nchito. Ndiye chifukwa namupisha nchito. Isiyeni kuno, nizaikonza neka." Laputopu inagona kuseri kwa katani masiku angapo. Kenako a Mulenga anaitsegula n'kuzula kawaya kamagetsi a kiyibodi, ntchito yoti akanaigwira mayiwo ataimirira pomwepo. Pobwera kudzaitenga, Amai Banda anawabweretsera zitumbuwa zowathokoza.

Apa ndi pomwe mtima umandiwawa mpaka lero. Ndinapsa mtima moti ndinafuna kulowa m'kontenamo n'kugubuduza mashelefu onse, koma ndinakumbukira kuti anawotcherera ndi amalume. Kunyumba amayi anga anati ndikanangomvera bwana, ntchito ikanakhalapo. Amalume anakhala nthawi osandilankhula, ati ndinawachititsa manyazi. Palibe amene anafunsa za Lute.

Amai Banda ndinadzakumana nawo kamodzi m'minibasi ya m'tauni, beseni lili pamiyendo. Ndinawapatsa moni ndipo anandizindikira. Ndinafunsa za Lute. Anati ali bwino, koma sukulu anasiya, akuwathandiza kukazinga. Ndinayamba kufotokoza zomwe zinachitika tsiku lija, iwo anakweza dzanja.

"Mukanakamba chabe kuti simuziba," anatero. "Sembe tinafuna kwina."

Anatembenukira kuwindo ndipo sanandiyang'anenso mpaka anatsika.

Pano ndili ndi tebulo langa pakhonde la shopu ina ku Matero. Munthu akabwera ndi kiyibodi yowala kuti ndiithimitse, ndimayamba ndi kafayilo kaja kobwereza lamulo, magetsi akuphethirabe. Sindilola munthu kuona mdima pakiyibodi ntchito isanathe, chifukwa akangouona amanyamuka. Ndikamaliza ndimathimitsa makina kotheratu n'kuwayatsanso mwiniwake akuona, ndipo ngati amaphethira kaye pang'ono poyaka ndimamuuza kuti aziphimba ndi kansalu mpaka athime. Ndimamufunsanso komwe amakhala ndi njira yofikira kumeneko. Ena amadandaula kuti ndimachedwetsa pa kanthu kakang'ono. Ndimawasiya adandaule. Lute sindinamuonepo nkhope, koma ndikudziwa kuti kunyumba kwawo ndimatchedwa mtsikana uja anawanamiza.