Nkhata ya Anthu a Lachinayi

Ndinadzuka kusanache, ndipo dzuwa lisanatuluke n'kuti nditadzichititsa kale manyazi. Nditafika kusiwa ku Brampton, kuno kutsidya kwa nyanja, ndinapeza anthu anayi ovala masiki ataima pafupi ndi galaja. Ine, munthu wowerenga mabuku mpaka kupitirira siteji ya basi, ndinaweruza kuti ndi antchito a kampani yoika maliro. Ndinawalozera mipando kuti atsitse m'galimoto. Anatsitsa yonse.

Achemwali anga, amene amuna awo tinkawaika tsikulo, anandikokera m'khitchini. Anati amenewo ndi anzawo a malemu a kugulu la Lachinayi, kumene sabata iliyonse amakumana anthu oikidwa impso, chiwindi kapena mtima wa munthu wina, pamodzi ndi mabanja awo. Mankhwala amene amamwa amafoola chitetezo cha m'thupi, moti chimfine chathu ichi iwo chimawagoneka m'chipatala. Kenako anandipempha chinthu chimodzi chokha: poyala nkhata kumanda, gululi lisasiyidwe kumapeto.

Alamu anga anakhala zaka pa makina otsuka magazi. Pempho loti abale akayezedwe, kuti papezeke wowapatsa impso, linalengezedwa kutchalitchi kawiri, ndipo kawiri konse anthu anawerama ngati akufufuza nyimbo m'buku. Ine ndinapita, anandibweza chifukwa cha shuga, ndipo kubwezedwako ndakhala ndikukuvala ngati mendulo. Impso inadzachokera kwa munthu womwalira amene sitimudziwa. Ena anayamba kunong'ona kuti m'bale wathu akuyenda ndi chiwalo cha mtembo.

Onong'onawo ndiwo anadzaza nyumba tsikulo. Magalimoto a ku Hamilton ndi North York anatseka msewu. Amayi ankaphika kuseri pa mbaula za gasi, mphepo ikuluma makutu. Anthu anayi aja sankapereka moni wa m'manja, chakudya cha m'mbale zogawana sanakhudze. Ndinamva mayi wina akuti, "Matama bwanji. Abwereranji ngati tikuwanyansa?"

Ndinakapereka pempho la namfedwa kwa woyendetsa mwambo, msuweni wa malemu. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati pulogalamu inaprintidwa kale, ndipo nkhata zili ndi ndondomeko yake: mkazi, ana, akuchimuna, akuchikazi, mpingo. Alendo kumapeto, nthawi ikalola.

Kumanda a kuno nthawi siilola. Thalakitala yokwirira inali itaima kale poteropo, injini ikulira. Tinaponda matope a chipale chosungunuka, sinowo wa kuno. Oyankhula anatamanda umodzi wathu wa anthu a kumudzi, mmodzi mpaka anati tinamunyamula malemu m'matenda ake onse. Mtima unandiwawa. Amene ankakhala naye usana wonse podikira zotsatira za magazi anali ataima kumbuyo kwenikweni, akunjenjemera ndi kuzizira.

Ataitana akuchikazi, nkhata inali m'manja mwanga. Ine kukangana ndimakudziwira m'mabuku mokha. Komabe ndinatembenuka, ndinadutsa khamu lonse, ndinaipereka kwa mayi wachikulire wa gulu lija, n'kuwatsogolera onse anayi mpaka padzenje. Woyendetsa mwambo anati pachimkuzamawu, "Tiyeni tilemekeze mwambo, abale." Ndinalakalaka kumufunsa mwambo umene unamuletsa kukayezedwa. Sindinafunse. Mayiwo anayala nkhata, ndipo iwo amene anakana manja a anthu tsiku lonse anawakumbatira achemwali anga osafuna kuwasiya.

Pobwerera abale ambiri sanandiyankhule. Madzulo nyumba inangoti zii. Achemwali anagona pampando, nsapato zili kuphazi. Ndinatuluka kukataya zinyalala, ndikadali wokwiya, ndipo ndinakumana ndi aneba a achemwali, bambo a ku Chipata oyendetsa thiraki. Ndinayamba kuwalongosolera chinyengo cha anthu athu. Anandimvetsera mpaka ndinatopa.

"Mwachita bwino, akulu," anatero. "Koma mwakalipila onse, mwaziiwala mweka. Zaka zonse izi wowadilopa malemu na alongo anu pa motoka ku gulu kuja nenze ndine. Alongo anu akali kufuna kupitako. Pa Chinayi wowapeleka ndimwe, pa motoka yanu."