Msana Wanga ndi Mtengo wa Mango

Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, aneba anga a Muhiwa anandipeza ndikulendewera mumtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yanga. Chitenje cha akazi anga chinali chitandizinga m'khwapa, nsonga zake nditazimangirira kunthambi. Ndowa yomwe ndinakwerapo inali itagubuduzika n'kukaima pafupi ndi khola la nkhuku. Mapazi anga ankangopalasa mphepo.

Musathamangire kuganiza zoopsa, awerengi anga. Moyo sindinatope nawo. Ndinkawongola msana.

A Muhiwa ndi munthu wosapupuluma. Ntchito yawo ndi yosema mipini ndi mithiko, ndipo munthu amamuyang'ana momwe amayang'anira mtengo asanaudule. Anatula nkhwangwa pansi, n'kundizungulira kamodzi.

"Bambo a Chisomo," anatero, "mango a chaka chino akadali anthete. Mwayamba kupsa ndinu?"

"Ndi chithandizo ichi, aneba. Tandikankhirani ndowayo."

"Chithandizo chake chopachika munthu ngati mbuzi ya pamsika?"

"Ndowayo, chonde. Manja achita dzanzi."

Anabweretsa ndowa ija, anandigwira m'chiuno, ndinatsika. Msana umene ndinkauwongolawo sunawongoke ngakhale pang'ono. Ndinalowa m'nyumba nditapindika ngati chikwakwa.

Ndikuuzeni momwe zinayambira, mwina mundimvera chisoni m'malo mondiseka.

Amake Chisomo anapita ku Limbe mwezi watha kukadikirira mwana wathu amene wangochira kumene, watipatsa mdzukulu. Munda wonse wa kumtunda unatsala m'manja mwanga. Tsiku lachiwiri logalauza, mpini wa khasu langa unathyokera pachitsa cha nandolo. Ndinangotola khasu lina lomwe linali pakhonde, ntchito n'kupitirira. Sabata isanathe, m'munsi mwa msana munayamba kuyaka moto. Sabata yachitatu, kudzuka pamphasa kunasanduka ntchito yofuna mapemphero.

Apa nkuti mizere ili theka. Masana aliwonse mitambo ikusonkhana pamwamba pa phiri la Chiradzulu ngati anthu opangana zoipa. Inu alimi anzanga mukudziwa tanthauzo lake. Mvula ikakupeza mizere isanathe, udzala mochedwa, ndipo wodzala mochedwa amadziwika mu Febuluwale, akamayenda ndi kathumba m'makomo mwa eni ake. Ine msinkhu uno sindikufuna kuyenda ndi kathumba.

Tsono ine vuto langa ndi kuwerenga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma chilichonse chokhala ndi zilembo sichindidutsa, ngakhale pepala lokulungira usipa. Ndili ndi buku lina lopanda chikuto, ndinaligula m'mbali mwa msewu ku Limbe, lofotokoza za thupi la munthu. M'menemo muli chithunzi cha msana: timafupa tosanjikizana ngati mikanda, pakati pake pali totetezera tofewa. Ndinachiyang'ana chithunzicho masiku awiri, mpaka ndinayamba kudziona ngati ndine ndinaulenga msanawo.

Kenaka alamu anga a ku Mpama anabwera ndi foni yawo. Anandionetsa makanema a anthu a kunja ovala zoyera, akatswiri owongola msana ndi khosi ndi manja, amene akuti amatchedwa makayiropulakita. Munthu amalowa akutsimphina, amamugoneka pakabedi, amamupinda, pamveka kuti kho! kho! Munthu uja amadzuka akuseka ngati wapambana mpikisano. Mukanema wina, makina ankamukoka munthu pang'onopang'ono kuti timafupa tija titalikirane.

Ndinaganiza mwanzeru zanga: makina ndilibe, koma mtengo wa mango ndili nawo, kulemera ndili nako. Chotsala n'chiyani?

Chotsala chinali nzeru, koma zimenezo ndinazidziwa ndili m'malere.

Musandiseke nokha ngati inu ndinu oyera. Ndisanafike pamtengopo ndinali nditadutsa kale njira zonse zomwe inu mumadutsa. Ndinapita kwa mayi wina wa m'mudzi mwathu amene anabereka mapasa, poti amati phazi la mayi wa mapasa limachiza msana. Anandigoneka chafufumimba pabwalo, n'kundiyenda pamsana ngati akuponda dothi la njerwa. Mayiwo Mulungu anawadalitsa ndi thupi. Ndinadzuka ndikuthokoza, osati chifukwa ndachira, koma chifukwa atsika.

Tsiku la msika ndinapitanso kwa mkulu wina amene amayala chiguduli kuseri kwa ogulitsa kaunjika. Sanandifunse dzina, sanandifunse pomwe pakupweteka, sanandifunse kuti zinayamba liti. Anangondiimika, kundikumbatira chakumbuyo, bondo lake pamsana panga, n'kundinyamula. Kho!

"Mwamva?" anatero monyadira. "Fupa labwerera m'malo."

Anthu oonerera anavomereza ndi mitu. Inenso ndinavomereza, poti phokosolo ndinalimvadi. Kenaka anandigwira chibwano kuti apotokole khosi, ati mphatso yaulere. Khosi silinkandipweteka. Ndinamuuza kuti mphatsoyo asungire ena. Asanandisiye anandinong'oneza kuti alinso ndi kabotolo ka mankhwala a msana wa mtundu wina uja, umene amuna sakamba pagulu. Ndinamuuza kuti mayi ali ku Limbe, ine ndikufuna msana wa kumunda.

Ndinayenda bwino mpaka pamlatho. Kufika kunyumba, moto uja unali utabwerera ndi abale ake.

Apa ndiye pamene pakundinyansa. Kodi ife tinapangana liti kuti mankhwala ndi phokoso? Munthu akakuuza modekha kuti uziyenda pang'onopang'ono, uzithowa ndi kansalu kofunda, udikire masabata angapo, timati sadziwa ntchito. Koma wina akakupinda mpaka kulira kuti kho, timati ameneyu ndiye katswiri. Jakisoni wowawa timati ndiye wamphamvu. Mankhwala owawa kwambiri timati ndiye enieni. Thupi lathu lomwe tikulitenga ngati wailesi yakale, yoti ikasiya kulankhula uyimenye khofi.

Lachitatu m'mawa a Muhiwa sanandifunse maganizo. Anabwera ndi njinga, anayala chiguduli pakaliyala, n'kunena kuti, "Kwerani. Musanakayese mtengo wa mapeyala."

Kuchipatala chathu chaching'ono ndinapeza adokotala achizimayi, a msinkhu wa mwana wanga. Ndinkayembekeza kuti andigwira msana nthawi yomweyo. Ayi ndithu, anayamba ndi mafunso, ngati kupolisi. Miyendo imachita dzanzi? Ikufooka? Mkodzo ndi chimbudzi mukuzigwira bwinobwino? Thupi limatentha? Mwaonda? Mukutsokomola? Munagwapo posachedwapa?

Funso lomalizali ndinaliyankha ndikuyang'ana pansi. "Kugwa ayi. Koma kulendewera."

A Muhiwa, amene anakhala pabenchi pakhomo, anatsokomola chifuwa chomwe analibe.

Nditafotokoza zonse, adokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kenaka anathyola chala chawo chimodzi, chinalira kuti kho.

"Bambo, chala changachi chinaguluka?"

"Ayi."

"Nanga chabwerera kuti? Phokosolo ndi kampweya ka m'malo olumikizana mafupa, si fupa lobwerera kwawo. Fupa la msana likanachokadi m'malo mwake, simukanabwera pakaliyala mukucheza."

Anandiyeza, anandiweramitsa, anandikweza mwendo uku ndi uku. Anati ndi minofu yotopa ndi kuwerama, ndipo mtengo wa mango wangowonjezera. Anandiuzanso chinthu chimene kanema wa alamu anga sanaonetse. Anthu ovala zoyera aja, amene anaphunziradi ntchitoyo, amakhala zaka kusukulu, ndipo asanagwire munthu amayamba afunsa mafunso omwe aja. Alipo odwala ena amene sawapinda n'komwe, amawatumiza kwina. Pakuti msana wopweteka nthawi zina si wa khasu: ukhoza kukhala TB imene yalowa m'mafupa, ukhoza kukhala impso, ukhoza kukhala fupa lofooka ndi ukalamba. Woterowo ukamuika bondo pamsana, ukhoza kumukhazika pansi moyo wake wonse. Za khosi ndiye anachita kundiloza ndi cholembera: m'khosi mumadutsa mitsempha yopita kumutu, si malo opatsirana mphatso zaulere.

Kanema amaonetsa kho yekha. Mafunso aja amawadula, poti mafunso sasangalatsa oonera.

Anandipatsa timapiritsi tochepetsa ululu, anandiphunzitsa kunyamula chinthu nditapinda mawondo, anandiletsa kugona tsiku lonse, anandiletsanso kulima tsiku lonse. Anati zikapanda kusintha pakatha masabata angapo, adzandilembera kalata yokaonana ndi a mafizo, akatswiri olimbitsa minofu ndi mafupa.

Ndinatuluka ndili ndi manyazi, koma manyazi atatha panabwera mkwiyo. Taganizani. M'boma lino ndani alibe msana wodandaula? Mayi amene wasenza ndowa kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Wakabaza amene amakwera zitunda za ku Magomero ndi matumba awiri a chimanga. Ife a khasu, amene theka la moyo wathu timaliona dziko chozondoka, kudzera pakati pa miyendo yathu. Dziko lino limadya kuchokera pamsana pathu. Koma anthu odziwadi za msana ali kutali, m'matauni ndi m'zipatala zikuluzikulu, ndipo kuti ukawapeze uyenera kukwera galimoto yodzaza pamsewu wa mabampu, imene imamaliza kamsana komwe kanatsala.

Ndiye mukudabwa kuti mkulu wa chiguduli uja ali ndi mzere wa anthu? Iye ali pafupi. Iye amakugwira. Munthu wopweteka amafuna dzanja, ndipo dzanja lomwe lili pafupi ndi limenelo.

Sikelo ya ana imafika m'midzi. Katemera amafika m'midzi. Alangizi amabwera kudzatiphunzitsa kutalika kwa mzere ndi kuchuluka kwa mbewu paphando. Nanga bwanji sipabwera munthu, ngakhale kamodzi pa chaka nyengo yogalauza isanayambe, kudzatiphunzitsa kusamala msana umene ukuunga mizereyo? Kudzatiuza kuti ululu uwu ngwodikira, koma uwu thamangani nawo lero lomwe? Kapena tikudikira kuti aliyense adziphunzire yekha, wina pachiguduli, wina mumtengo?

Komatu ndisaloze chala kutali kokha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phula ndinadya, ndipo ndinadya ndili ndi buku m'manja. Kuwerenga pang'ono n'koopsa kuposa kusawerenga, chifukwa wosawerenga amadziwa kuti sadziwa. Ine ndinaona chithunzi chimodzi ndi makanema atatu, basi ndinadzipatsa satifiketi.

Lachisanu m'mawa ndinabwerera kumunda, mwaulemu, monga anandilangizira adokotala: mizere iwiri, kupuma, kuwongoka, mizere iwiri. Mitambo ija inali pomwepo paphiri, ikundiwerengera masiku. Pa liwiro limenelo ndinaona kuti mvula indipeza ndithu, ndipo mtima unayamba kuwawa kuposa msana.

A Muhiwa anatulukira m'malire mwa munda wawo ndi wanga. Anaima kanthawi akundiyang'ana ndikulima, mutu ataupendeketsa. Kenaka anabwera, n'kundilanda khasu. Analiimika pambali pa mwendo wanga. Mpini unalekeza pang'ono pamwamba pa bondo.

"Khasuli n'la ndani?"

"La amake Chisomo. Langa linathyoka mpini."

"Liti?"

"Masabata atatu apitawo."

"Mpini uwu ndinasema ndine," anatero. "Ndinawayeza mayiwo ataima pakhomo panga. Mayi aja amakulekezani m'khwapa, bambo a Chisomo. Inu ndi msinkhu wanu wa mlongotiwu, masabata atatu mwakhala mukulima mphuno ili m'dothi."

Nzeru zanga za timafupa tosanjikizana ngati mikanda zinathera pomwepo.

Anapita kwawo, anabwera ndi mpini watsopano wautali, anauyeza m'chiuno mwanga, anaudula pang'ono, n'kukhomera khasu lija pomwepo pamwala. Nditaligwira, ndinalima mzere wathunthu nditangowerama pang'ono, ngati munthu wopereka moni kwa apongozi. Sindikunena kuti msana unapola nthawi yomweyo. Ukadali kung'ung'udza mpaka lero, ndipo malangizo a adokotala ndikuwatsata ngati malamulo khumi. Koma mizere ikuyenda. A Muhiwa anabweranso Loweruka ndi khasu lawo kudzandithandiza chigawo cha kumunsi, ndipo ikachedwako masiku anayi okha mvulayi, indipeza ndili wokonzeka.

Tikuweruka tsiku limenelo, anapukuta thukuta ndi chipewa, anayang'ana mtengo wa mango uja, kenaka anayang'ana ine.

"Koma inu anthu owerenga," anatero. "Munafunsa buku, munafunsa foni, munafunsa mayi wa mapasa, mpaka munakafunsa mtengo wa mango. Ine ndili pano, mpanda umodzi, mipini ili mbwee pakhonde. Kapena mumadikira kuti andisindikize kaye papepala?"