Ababa ndi Nyali za ku Blantyre

Ulendowu sindinaufune. Ndinali nditathyola tiyi sabata yonse, msana uli wa eni, koma Ababa anaumirira kuti akaone nyali zimene amakongoletsera mzinda wa Blantyre pa chikondwerero cha ufulu mu Julaye. Ndinavomera ndili ndi changa mumtima. Kwa miyezi ndinkakayikira kuti maso awo akutha, iwo n'kumakana kwamtuwagalu. Kuchipatala ayi, kusamukira kwanga ayinso. Munthu amene ananyamula katundu wa alendo m'phiri la Mulanje mpaka imvi sauzidwa ndi mwana wamkazi kuti sakuona.

Tinachoka ku Likhubula cha m'ma 9 koloko, chiperoni chikuwaza, pa njinga zamoto mpaka pa Chitakale. Kondakitala wa minibasi anati seveni sauzande mutu umodzi, ndipo inyamuka pompano. Pompano wakeyo anatha ola ndi theka. Pokwera, Ababa anagunda mutu pachitseko n'kunena kuti minibasi za masiku ano akuzipanga zazifupi.

Tinadzera msewu wa Midima, anayi pampando, thumba la zinanazi la mayi wina litakhala pamapazi anga ngati lalipira. Pa Nkando ndinagula mandasi pawindo, ozizira komanso olimba. Ku Limbe tinafika cha m'ma 1 koloko, tinadya tchipisi cha pachiwaya, kenako n'kukhala pakhonde la sitolo kudikira kuti dzuwa lilowe. Zoti nyali saonera masana tonse tinkadziwa, koma Ababa ulendo amauyamba m'mawa basi. Ndinatopa ndi kukhala, ndinatopanso ndi iwo.

Cha m'ma 5 koloko tinakwera minibasi ina yolowa m'tauni. Titatsika, pabwalo lina loimikapo magalimoto panali nyimbo, achinyamata akuzungulira atavala nsapato zamatayala. Mdima utangoyamba, nyali zinayaka m'mitengo ndi m'mapolo, zofiira, zobiriwira, zina zothwanima. Anthu anaomba m'manja.

"Kodi kuno kuli mtsinje?" anafunsa Ababa, khutu atatchera ku phokoso la matayala aja.

Mayi wina amene anaima pafupi nafe anaseka. "Ndi nsapato zamatayala, agogo. Amabwereka pa ndalama n'kumatsetsereka nazo pasimentipo."

"Kuchita kulipira kuti aterereke? Kwathu kuphiri ukaterereka, anthu amasonkha za maliro."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira mpanda. Ine ndinaseka pang'ono chabe, chifukwa anawo ankadutsa pafupi penipeni ndi pamene tinaima.

Patapita nthawi Ababa anakoka jekete lawo. "Mwanawe, ndazizidwa. Nyalizo ayatsa nthawi yanji?"

Zinali zitayaka kwa theka la ola, zina pamwamba pa mutu wawo. Miyezi yonse ija ndinkafuna kuwagwira bodza, koma nditawagwira sindinakondwe ngakhale pang'ono. Ndinamva chisoni, ndi manyazi pa kutopa kwanga konse kuja.

"Ayatsa kale, Ababa."

Mayi uja anasuntha mwakachetechete.

"Ndimaona ngati ndi nkhungu yowala," anatero Ababa. "Ndimati mwina zikakhala zambiri ndiziona."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ulendowu sunali wokakamira chabe. Nawonso anabwera kudzadziyesa, ndipo yankho analipeza limodzi ndi ine.

Tisananyamuke kupita kokagona kwa msuweni wanga ku Ndirande, Ababa anatembenukira kumene kunkachokera nyimbo.

"Tisapite kaye. Undiuze mitundu yake, uyambire kumanzere."