Kanyali Kofiira ka Noeleen

Noeleen Treloar anaphikira ometa nkhosa kwa zaka makumi awiri, famu iyi sabata zitatu, inayo mwezi, kuchokera ku Bourke mpaka ku Cunnamulla. Nyumba yake inali chigalimoto chogonamo chimene anamusiyira malemu bambo ake: bedi kumbuyo, kachitofu pambali, injini pansi pa mpando wa dalaivala. Injiniyo ankaidziwa ngati mphika wake. Kupatula galimotoyo, padziko analibe kanthu.

Mwamuna wake, Merv, anali katswiri wometa nkhosa mpaka msana unamukana. Mphamvu zotsalazo zinathawira m'zibakera. Makiyi ankasunga ndiye, ati mkazi sayendetsa mwamuna alipo, chonsecho sankadziwa n'komwe pothirira oyilo.

Tsiku limenelo anali pa msewu wafumbi, dzuwa likuswa mtengo, tauni ili makilomita makumi asanu ndi anayi kutsogolo. Kanyali kofiira ka oyilo kanayamba kuphethira. Merv anakamenya mbama, kenako n'kukamata ndi tepi yakuda.

"Imani, bambo," anatero Noeleen. "Kanyali sikanama. Ndipo ndikumva fungo la madzi a mu lediyeta."

"Mphuno yakoyo ndi ya anyezi basi. Umakaniko unauphunzira mu poto?"

"Injini ikafera pano, tifa nayo."

Chigongono chinamupeza pakamwa. Merv sanachotse n'komwe phazi pa moto. Anayendabe mphindi khumi, magazi akudontha pa diresi, mpaka nthunzi inayamba kutuluka pakati pa miyendo yake. Apo ndiye anaima, akutukwana galimoto, malemu apongozi ake ndi nkhosa zonse za dziko lino. Anatembenuza mpando. Injini inali ikulira tsiii.

"Musayambe mwa…"

Merv anamugwira tsitsi n'kumumenyetsa mutu kuchitseko, kawiri. Dzino linagwera pansi.

"Utsegulenso pakamwapo uone! Ndikusiya pompano, akhwangwala adye."

Noeleen anaona dzanja la Merv likupita pa chivindikiro cha lediyeta. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti chimenecho sachikhudza injini ikuwira. Koma anali atauzidwa kuti akhale chete, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lawo anamvera ndi mtima wonse.

Phuu! Madzi owira anathovoka n'kumumenya Merv kumaso ndi pachifuwa. Anagwa chagada pamchenga akukuwa ngati nkhumba, khungu la dzanja likusupuka ngati la tomato woviikidwa m'madzi otentha. Noeleen anatsika m'galimoto. Chisoni chinalipo, tisaname, koma chinali chochepa. Anatenga chigubu cha madzi akumwa, theka anamuthira mwamunayo, theka anasungira injini.

"Thira onse! Yendetsa, mfiti iwe! Ndikufa!"

"Simukufa. Injini izizire kaye."

Ola lathunthu anadikira. Anamukokera pamthunzi wa galimoto, n'kumufunditsa nsalu yonyowa. Kenako anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo akanatuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa m'kati, galimoto yatha. Anali wakuda bii, wochepa chabe. Noeleen anawonjezera wina.

Paipi ya madzi inali itang'ambika kumapeto. Anadulapo ndi mpeni wa nyama n'kuibwezera, n'kumanga zolimba. Pa lediyeta panalinso kabowo kolira misozi. Apa anachita zimene bambo ake anamuphunzitsa: masupuni atatu a tsabola wakuda wopera, kuthira m'madzimo. Tsabola amathamangira pa kabowo, n'kufufuma, n'kutseka.

"Ukuphika?" Merv anabuula, maso atatupa osaona. "Ine ndikupsa, iwe ukuphika?"

"Makiyi."

Analibe dzanja lowakanizira. Noeleen anapisa m'thumba mwake n'kuwatenga.

Atamukweza m'galimoto, anayendetsa pang'onopang'ono, akuima kawirikawiri kusuzumira pansi. Merv anatukwana makilomita makumi atatu, analira makumi atatu ena, otsalawo ankangoti, "Noe, mkazi wanga, pepa." Mawu amenewo Noeleen anali atawamva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankatha mabala akapola.

Pachipatala anamwino anamunyamula Merv pa machira. Mmodzi wachikulire anatsalira, akuyang'ana mlomo wa Noeleen.

"Nanunso lowani, mayi. Kapena mlomowu nawonso ndi nthunzi?"

"Ayi. Ichi n'chigongono, ichi n'chitseko."

"Muwadikira?"

Noeleen anatsitsa chikwama cha Merv, nsapato zake ndi lumo lake lakale lometera nkhosa, n'kuziika pakhomo bwinobwino.

"Ndadikira kale ola lathunthu," anatero. "Koma sindinkadikira iwowo."

Anakwera, n'kumatula tepi ija ndi chikhadabo. Atatembenuza kiyi, kanyali kanayaka, injini inagwira, kanyali n'kuzima. Noeleen analavula magazi pawindo, n'kulowetsa giya.